Thupi latsika, koma tsitsi likuthera m'chipeso

Funso

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 39, wa ana atatu, ndipo ndimakhala ku Embangweni m'boma la Mzimba. Bambo a kunyumba ali ku Joni, amabwera kamodzi pachaka. Mwezi wa Epulo ndinapita kuchipatala chifukwa cha mutu ndi kuphwanya kwa mawondo. Anandipeza ndi BP yokwera, shuga ali m'malire, ndipo pasikelo ndinalemera makilogalamu 94. Adokotala anati ndichepetse thupi. Mlamu wanga wa ku Johannesburg atamva, ananditumizira pa WhatsApp ndondomeko ya kadyedwe yotchedwa Banting, imene akuti iyeyo inamuthandiza. Ndinasiya nsima, mpunga, buledi, mbatata, chinangwa ndi shuga, ngakhalenso nyemba ndi nthochi poti pa mndandandawo zinali zoletsedwa. M'mawa ndimamwa tiyi wopanda shuga, masana ndimadya kabichi kapena repu wothira tomato, mwina ndi dzira limodzi, madzulo masamba omwewo. Nyama ndimadya ikapezeka.

Miyezi iwiri yoyamba ndinatsika ndi makilogalamu 11, pano ndili pa 78. Mawondo anasiya kupweteka, BP nayo yatsika. Koma kuyambira kumapeto kwa Julayi tsitsi langa likuthothoka moopsa. Ndikapesa chipeso chimadzaza, ndikamasula meshi ndimatola tsitsi lodzaza manja awiri, ndipo pamwamba pa mutu khungu layamba kuonekera. Anthu ayamba kundiyang'ana mwachilendo. Ku Umanyano, gulu la amayi la ku tchalitchi kwathu, mayi wina anandifunsa ngati ndinakayezetsa, apongozi nawo akungoti ndiwauze zoona. Bambo akubwera mu Disembala, ndipo ndikuopa kuti adzaganiza zomwezo. Usiku sindigona. Kodi ndibwerere ku nsima ndinenepenso, kapena ndingopirira mpaka ndichite dazi?

Ine wodandaula,
Embangweni

Yankho

Zikomo achemwali anga,

Pepani kwambiri ndi zimene mukudutsamo. Munamvera adokotala, munadzimana chakudya chimene munakula nacho, tsiku ndi tsiku mumaphikira ana nsima inu n'kukhala pambali ndi mbale ya kabichi. Pamafunika mtima wolimba kuti munthu achite zimenezi kwa miyezi. Ndiye pamene mumayembekezera kuti wina anena kuti mwachita bwino, anthu akukunong'onezani, ndipo chipeso chikukuonetsani zoopsa m'mawa uliwonse. Aliyense atha kusowa tulo. Wina akadzakuuzani kuti ndi tsitsi chabe, musadzimve kuti mukudandaula zopanda pake. Tsitsi la mayi ndi mbali ya ulemu wake, ndipo kwathu kuno anthu amaliyang'ana kuti adziwe ngati muli bwino.

Poyamba ndikukhazikeni mtima pansi. Sindingakupimeni kudzera m'kalata, koma momwe mwafotokozera, zanu zikufanana kwambiri ndi vuto limene madokotala a khungu amalitchula kuti telogen effluvium. Ndi kuthothoka kwa tsitsi kwa kanthawi, kumene kumabwera thupi likadzidzimuka ndi chinthu chachikulu. Mizu ya tsitsi imakhala ikadali yamoyo, ndipo kwa anthu ambiri tsitsi limabwerera lokha choyambitsacho chikakonzedwa. Tsitsi limapyapyala mutu wonse, koma munthu safika pochita dazi loyera mbee chifukwa cha vuto limeneli.

Zimayenda chonchi. Pamutu pa munthu pamakhala tsitsi lokwana pafupifupi 100,000 mukaliwerenga limodzilimodzi, ndipo lililonse lili ndi nyengo zake. Limakula kwa zaka 2 mpaka 6, limapuma kwa miyezi ngati 3, kenako limagwa kuti pamalo pomwepo pamere lina. Nthawi iliyonse, tsitsi 85 mpaka 90 pa 100 limakhala likukula, lotsalalo likupuma. N'chifukwa chake munthu aliyense, ngakhale wathanzi bwanji, amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku osazindikira n'komwe. Tsono thupi likakumana ndi chodzidzimutsa, monga malungo aakulu, kubereka, opaleshoni, imfa ya munthu wapamtima kapena kutsika thupi mofulumira, tsitsi lambiri limasiya kukula nthawi imodzi n'kulowa m'nyengo yopuma ija. Siligwa tsiku lomwelo ayi. Limakhalabe pamutu kwa miyezi 2 kapena 3, kenako lonse limayamba kuyoyoka pamodzi. Amayi ambiri anaziona zimenezi osadziwa kuti zili ndi dzina: khanda likafika miyezi 3 kapena 4, tsitsi la mayi limayamba kutsalira m'chipeso, ndipo pofika poti mwana akuyenda limakhala labwerera. Mwina nanunso zinakuchitikirani pa mmodzi mwa ana anu atatuwo.

Tsopano tawerengani miyezi yanu. Munayamba mu Epulo, munatsika kwambiri mu Meyi ndi Juni, tsitsi linayamba kugwa kumapeto kwa Julayi. Zikugwirizana ndendende. Tsitsi limene mukulitola lero linasiya kukula kalekale, m'masabata aja mumasangalala ndi sikelo. Apa ndiye pagona yankho la funso lanu loyamba. Ngakhale mutadya mitanda itatu ya nsima usiku uno, tsitsi limene linalowa kale m'nyengo yopuma ligwabe. Mukabwerera ku makilogalamu 94 chifukwa cha mantha, mudzataya zimene mwapindula pa BP ndi mawondo, tsitsi lakalelo osalipulumutsa. Chimene mungathandize ndi tsitsi limene likufuna kumera tsopano.

Si inu woyamba. Mu 1976 madokotala awiri a ku America, Goette ndi Odom, analemba za anthu 9 amene tsitsi linawathothoka kwambiri patapita miyezi 2 mpaka 5 chiyambireni kudzimana chakudya kuti atsike thupi, ndipo patapita miyezi linameranso. Thupi limaganiza ngati mayi wa pakhomo m'chaka cha njala: chimanga chikayamba kuchepa m'nkhokwe, amayamba wadyetsa ana ndi odwala, zophikira alendo zimayamba zaima. Mtima, ubongo ndi magazi zimalandira gawo lawo poyamba, tsitsi ndi zikhadabo zimadikira.

Pano ndilankhule mosabisa, poti munalemba kuti ndikuthandizeni. Ndikaona zimene mukudya patsiku, ndikuona njala. Tiyi, kabichi, repu ndi dzira limodzi sizingasunge mayi wogwira ntchito zapakhomo, wolera ana atatu. Kadyedwe kamene mlamu wanu anakutumizirani kali ndi mbiri yake. Dzinalo linachokera kwa William Banting, bambo wina wa ku London amene mu 1863 analemba kabuku kofotokoza momwe anatsikira thupi atachepetsa buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Ku South Africa kanatchuka kwambiri pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake atatulutsa buku lawo mu 2013. Koma m'mbale ya Banting mwiniwake munkakhala nyama ndi nsomba zambiri, ndipo m'mbale za amene amatsatira kadyedweka bwino ku Joni mumakhala mazira, nyama, nsomba, tchizi ndi mapeyala tsiku lililonse. Iwo akachotsa buledi amaikapo china. Inu munachotsa nsima, pamalo pakepo n'kusiya pali mbee. Mlamu wanu sanalakwe, anakufunirani zabwino, koma mndandandawo unalembedwera munthu wokhala ndi firiji ndi sitolo yaikulu pafupi.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Nsima timaiona ngati chokhutitsa basi, koma ufa wa chimanga uli ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 8 kapena 9 pa magalamu 100 alionse. Poti Amalawi timadya nsima yambiri, gawo lalikulu la zomanga thupi, ayironi ndi zinki zimene timapeza limachokera momwemo, makamaka mu mgaiwa. Ndiye mutasiya nsima ndi nyemba tsiku limodzi, munatseka njira ziwiri zikuluzikulu zimene thupi lanu linkapezera zomangira tsitsi. Tsitsi lenilenilo limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, ndipo mizu yake ili m'gulu la ziwalo zimene zimagwira ntchito mofulumira kwambiri m'thupi. Ikasowa zipangizo, imaima.

Musadziimbe mlandu. Palibe amene anakhala nanu pansi n'kukuuzani kuti muchepetse bwanji, ndipo mawu akuti "chepetsani thupi" amanenedwa m'kamphindi, odwala ena ali pamzere panja. Chosangalatsa n'chakuti kukonza kwake sikufuna ndalama za ku Joni. Munthu wolemera ngati inu amafunika zomanga thupi zosachepera magalamu 60 patsiku, ndipo pamene akutsika thupi ndi bwino apitirireko. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, ndiye mukuona nokha kutalika kwa ulendo. Kapu ya nyemba zophika ili ndi magalamu ngati 15. Mtedza wodzaza dzanja uli ndi ngati 7. Kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi ngati 8, ndipo kwanuko kumene makola a ng'ombe sasowa, chambiko ndi chuma chimene anthu a m'tauni amachisirira. Usipa ndi matemba ouma ndiye ndi akatundu: kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi, ndipo poti timadya ndi mitu ndi minga yomwe, timapezamonso ayironi, zinki ndi kashiamu. Soya pieces wa m'golosale nayenso ndi wothandiza.

Tayerekezani tsiku lotere. M'mawa mazira awiri owiritsa ndi theka la peyala, kapena kapu ya chambiko ndi mtedza wokazinga. Masana nyemba kapena nzama kapu yodzaza, ndi nkhwani wotendera nsinjiro. Madzulo usipa wothira tomato ndi anyezi, bonongwe kapena chisoso, ndi mtanda umodzi waung'ono wa mgaiwa, waukulu ngati chibakera chanu. Chiwindi kamodzi pasabata mukachipeza pamsika, koma osati ngati muli oyembekezera. Nyengo ya inswa ndi mphalabungu ikafika musazinyoze, ndi ndiwo zomanga thupi zenizeni. Tomato, anyezi ndi masamba ku Jenda ndi kwanu komweko sizisowa. Nyemba zibwerere m'mbale mwanu lero lomwe. Zoona zili ndi sitachi, koma zimagayika pang'onopang'ono, sizikweza shuga mofulumira ngati buledi kapena nsima ya ufa woyera, ndipo zimakhalitsa m'mimba. Kuletsa mayi wa ku Mzimba kudya nyemba, ine ndikuona kuti ndi malangizo osaganizira komwe munthu akukhala.

Mwaona kuti ndaikamo kansima. Chisankho ndi chanu, ndipo njira zilipo zingapo. Mutha kupitiriza osadya nsima, bola mbale ikhale yodzaza ndi ndiwo zimene ndatchulazi, koma njira imeneyi ndi yodula ndipo pakhomo pa ana imatopetsa. Mutha kudya mtanda umodzi wa mgaiwa kamodzi patsiku, kapena mbatata imodzi yowiritsa, n'kumapewabe shuga, zakumwa zotsekemera, mandasi ndi buledi woyera. Ndikanakhala ine ndikanatenga imeneyi, poti munthu atha kukhala nayo zaka zambiri, ngakhale pamaliro ndi paukwati pamene sungakane mbale ya eni ake. Muthanso kuima kaye pa makilogalamu 78 kwa miyezi iwiri kapena itatu kuti thupi lipume, kenako n'kudzapitiriza. Kuima sikulephera. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pasabata, ndipo kutsika ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse a thupi lanu kumathandiza kale BP ndi shuga. Inu mwadutsa kale pamenepo. Palibe chokuthamangitsani.

Nkhani ya magazi ndiikhalire pang'ono, chifukwa kwa amayi athu ndi imene imabisala kuseri kwa tsitsi lopyapyala. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo kafukufuku wa michere ya m'thupi wa nthawi yomweyo anapeza kuti amayi oposa theka amaperewera zinki. Mayi amene akusambabe amataya ayironi mwezi ndi mwezi, ndipo ngati msambo wanu umabwera wambiri kapena umatenga masiku ochuluka, n'kutheka kuti munayamba kadyedweka muli kale ndi ayironi wochepa. Tadzifunsani: kodi mumatopa msanga, kumva chizungulire mukadzuka, kupuma mwawefuwefu pokwera kamtunda, kapena kulakalaka dothi? Tiyi amene mukumwa m'malo mwa chakudyayo amatchinga thupi kuti lisatenge bwino ayironi wa m'masamba ndi nyemba, choncho muzimwa patapita ola limodzi kapena awiri mutadya. Tomato wamuwisi, mandimu, gwafa, malalanje ndi malambe zimachita zosiyana, zimathandiza ayironiyo kulowa m'thupi. Koma mapiritsi a ayironi musagule nokha musanayezetse. Ayironi akachuluka m'thupi amavulaza, ndipo ngati magazi achepa pamafunika kudziwa chimene chikuwachepetsa, kaya ndi msambo, njoka za m'mimba, likodzo kapena malungo.

Ndiye sabata ino tengani buku lanu la kuchipatala mupite pa chipatala cha mishoni cha Embangweni pomwepo. Mukawauze zonse monga mwandiuzira ine: tsiku limene munayamba, zimene mumadya, makilogalamu amene mwataya, mwezi umene tsitsi linayamba kugwa. Mukapemphe kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi, shuga ndi BP. Mukatchule ngati munadwala malungo kapena kutentha thupi miyezi yapitayi, ngati munayamba kapena kusiya njira yolera, ndi mankhwala alionse amene mukumwa, a zitsamba omwe. Mukafunsenso za chithokomiro, poti kachiwalo ka pakhosi kameneka kakamagwira ntchito mopitirira kapena moperewera tsitsi limathothoka, ndipo kakapitirira munthu amatsikanso thupi, mtima n'kumagunda mofulumira. Ngati pakufunika kuyeza kumene sikuchitika pamenepo, akutumizani ku Mzimba boma kapena ku Mzuzu Central Hospital. Chimodzi chofunika kwambiri: ngati anakupatsani mankhwala a BP kapena a shuga mu Epulo, mlingo umene unali woyenera pa makilogalamu 94 utha kukhala wochuluka pa 78. Munthu womwa mankhwala ena a shuga akasiya zokhutitsa, shuga atha kutsika mpaka kukomoka. Musasiye mankhwala nokha, koma adokotala adziwe kuti thupi lasintha.

Tsopano nkhani imene ikukusowetsani tulo. Simunaitchule dzina, koma tonse tikuidziwa. Amene anaona zaka za m'ma 1990 anaika m'manda abale ambiri amene anayamba ndi kuwonda, tsitsi n'kupepuka, ndipo m'maboma ngati Mzimba, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, mantha amenewo sanachoke. Apongozi anu akamati muwauze zoona, n'kutheka kuti m'mtima mwawo muli maliro amene inu simunawaone. Izi sizichotsa kuwawa kwa mawu awo, ndipo mayi wa ku Umanyano uja analibe chifukwa chokufunsani choncho. Koma mwina zikuthandizani kuona kuti ena mwa amene akukuyang'anani akuchita mantha chifukwa amakukondani.

Ine ndikukhulupirira zimene mwalemba, kuti mwatsika thupi mwakufuna kwanu. Komabe poti mukupita kale kuchipatala, kayezetseni ndi HIV yomwe. Ndikutero osati chifukwa chokukayikirani inu kapena amuna anu, koma chifukwa munthu wamkulu aliyense amayenera kudziwa momwe alili, ndipo banja limene limakhala motalikana limafunika kuyezetsa kawirikawiri. Kuyezetsaku n'kwachinsinsi ndipo sikutenga nthawi. Zotsatira zikakhala zabwino, katundu mmodzi watsika pamutu panu, ndipo mukatuluka pachipata mukudziwa chimene onong'ona sakuchidziwa. Zikakhala zina, ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'dziko muno kuyambira 2004, ndipo amene amamwa mokhulupirika ali ndi thanzi, akulera ana ndi zidzukulu. Zotsatirazo ndi zanu, palibe wa ku tchalitchi kapena pamsika amene muyenera kumuonetsa.

Bambo musadikire Disembala kuti adzadzidzimuke pakhomo. Aimbireni sabata ino, makamaka pa foni yoonana nkhope. Auzeni kuti adokotala anakupezani ndi BP, mwatsika ndi makilogalamu 16, mawondo apola, koma munafulumira kwambiri ndipo tsitsi lathothoka kwa kanthawi. Nkhani ikachokera pakamwa panu imafika yoongoka, ikadzera kwa achibale imafika itakhota. Ngati mlamu wanu uja ali pafupi nawo, iyenso ndi mboni kuti kadyedweka kanachokera kuti. Mutha kuwapemphanso kuti pa ndalama imene amatumiza awonjezereko ya mazira ndi usipa. Apongozi, ngati mumamvana nawo, atengeni tsiku lopita kukayezetsa BP akamve okha adokotala akufotokoza. Mayi wachikulire amene anakula akudziwa kuti kunenepa ndi chizindikiro chakuti mkazi akusungidwa bwino, savomera msanga kuti munthu angawonde mwadala. Kwa ena onse mawu amodzi akwana: "Adokotala anandiuza kuti ndichepetse thupi chifukwa cha BP, ndipo ndili bwino." Mukatero pitirizani ulendo wanu.

Tibwerere ku tsitsi lodzaza manja awiri lija. Mukakhala ndi meshi kwa masabata 8, tsitsi limene likanagwa tsiku ndi tsiku limakodwa m'malukidwemo. Tsitsi 50 mpaka 100 patsiku kwa masiku 56 ndi tsitsi 2,800 mpaka 5,600, ndipo lonselo mumaliona tsiku limodzi pomasula. Ngakhale mayi wopanda vuto lililonse amatola mulu. Inu mulu wanu ndi wokulirapo, koma si wonse umene ndi wa matenda. Chitani ichi: tengani tsitsi lochepa m'chipeso, muliike pa pepala loyera, muliyang'ane pafupi ndi zenera. Ngati ndi lalitali ndipo kumapeto kwake kuli kamutu koyera ngati kanjere ka mchere, limenelo lagwa kuchokera ku muzu litatha nyengo yake, ndipo m'malo mwake mukubwera lina. Ngati ndi tizidutswa tatifupi topanda kamutu, limenelo laduka, ndipo mlandu ndi wa mankhwala owongolera tsitsi, chowotchera kapena kupesa mwankhanza.

Meshiyo ndikupempheni kuti muipumitse. Ndikudziwa kuti pamene tsitsi lapyapyala ndi pamene mtima umafuna kuliphimba, koma muzu wofooka sungapirire kulemera ndi kukoka. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, pa kafukufuku amene anasindikiza mu 2007 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu amene anawapima anali atasosoka tsitsi la m'mbali chifukwa cha kukokedwa, ndipo vutoli limakula munthu akalukira meshi pa tsitsi lothira mankhwala owongola. Kusosoka kumeneku ndi kumene ndimakuopa kuposa kwa kadyedwe, chifukwa kukapitirira kwa zaka mizu imafa ndipo simeranso. Ku saluni mukamva kupweteka polukidwa, mukaona timatuza m'mphepete mwa chipumi, kapena mukalephera kugona usiku woyamba, dziwani kuti akumangani kwambiri, ndipo muli ndi ufulu wonena kuti amasule. Kwa miyezi ikubwerayi lukani mizere ikuluikulu yosamanga, kapena dulani tsitsi likhale lalifupi, poti lalifupi limaoneka lodzaza. Duku ndi wigi palibe choletsa, bola wigiyo isamatidwe ndi guluu ndipo muziivula pogona. Pesani ndi chipeso cha mano otalikirana tsitsi lili lonyowa pang'ono, kuyambira kunsonga. Kutsuka musaleke poopa kuti ligwa. Logwa potsuka linali litasiya kale muzu.

Akubwererani ambiri ogulitsa mankhwala, ena pa Facebook, ena pakhomo. Mafuta a nsatsi ndi ena otero amafewetsa tsitsi kuti lisaduke, ndipo pamenepo ndi abwino, koma sangadzutse muzu umene ukusowa chakudya. Mapiritsi a biotin amathandiza munthu amene akuperewera biotin, zimene sizichitika kawirikawiri, ndipo amatha kusokoneza zotsatira za kuyeza magazi, kuphatikizapo kwa chithokomiro. Mavitamini omwa mophatikizaphatikiza nawonso muwasamale, poti vitamini A akachuluka kwambiri amathothola tsitsi lomwelo. Tiyi wochepetsa thupi ndiye mutalikirane naye, wambiri amangotsegula m'mimba. Ndalama imeneyo mugulire mazira.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka musadikire, chifukwa zimaloza ku vuto lina: tsitsi likamachoka m'zigamba zozungulira zosalala, pamutu pakamayabwa, kutuluka mamba kapena mafinya, pakati pa mutu pakamawawa kapena kuwala ngati chipsera, nsidze zikayamba kuthothoka, kapena thupi likapitiriza kutsika pamene mwayamba kudya mokwanira, makamaka ngati pali chifuwa, kutuluka thukuta usiku kapena ludzu losatha. Chimodzimodzinso ngati kuthothokaku kwapitirira miyezi 6 osachepa. Pamenepo bwererani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi wodziwa za khungu. Ndipo kusagona kuja kukapitirira, kapena mukayamba kuopa chakudya mpaka kudziimba mlandu pa mtanda umodzi wa nsima, mukanenenso zimenezo. Nkhawa nayo imathothola tsitsi, ndipo ili ndi thandizo lake.

Za Disembala sindikunamizani. Kuthothoka kotere kumatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti kuchepe, ndipo tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, lathuli mwinanso kucheperako. Mukakonza kadyedwe tsopano, pofika nthawi imene bambo akutsika basi chipeso chidzakhala chikutola lochepa, ndipo m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa mutu mudzayamba kuona timatsitsi tatifupi tofewa. Kuti lidzaze ngati kale patha kupita chaka kapena kuposerapo. Musamadziyang'ane pagalasi kasanu patsiku, simudzaona kusintha, mudzangodzivutitsa. Mwana wanu wamkulu akujambuleni pamwamba pa mutu ndi foni kamodzi pamwezi, pamalo amodzimodzi, kunja kukuwala, ndipo muzifanizira zithunzizo.

Mawa m'mawa viikani nyemba, ndipo sabata isathe musanafike kuchipatala. Mukalandira zotsatira za magazi mundilemberenso, achemwali, tidzaone limodzi zimene mungawonjezere m'mbale mogwirizana ndi thumba lanu.

Ndine wanu,
Azakhali